Mutu 5: Jesinta Agula Bokosi Lofiira

1. Shedi ya ku Manje

Aliyense amene anakhalako ku Manje namondwe wa Freddy asanafike amaikumbukira shedi ya a Venansio. Inali m'mphepete mwa njira yotsikira ku Chilobwe, yofolera ndi malata akale, ndipo munthu ankayamba waimva kenako nkuiona. Kuyambira m'mawa galayinda wonolera zitsulo ankalira, nyundo ikuyankha, a Venansio nawo akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu amene ngakhale akazi awo ankati ndi bwino azingowasungira mu shedi momwemo.

Jesinta, mwana wawo woyamba, anakulira mmenemo. Anzake akamasewera fulaye panja, iye ankakhala pa chitini cha penti nkumaonerera bambo ake akukonza zitsulo za zigayo, za mipope ndi za maminibasi. Madiresi ake onse anali ndi madontho a girisi. Amayi ake anakalipa mpaka anatopa.

Pa zonse za mu shedimo, chimene Jesinta ankachikonda kwambiri chinali bokosi lofiira la matapu. Kwa inu amene simunalowepo mu shedi, tapu ndi kachitsulo kooneka ngati bawuti koma kokhala ndi mano akuthwa. Amakalowetsa m'bowo mozungulitsa pang'onopang'ono kuti kadule mazinga, mizere ija imene bawuti imagwirapo ikamamangidwa.

Bokosilo linali la agogo ake aamuna, malemu a Gregorio, amene anachoka ku Nsanje ali mnyamata nkudzagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Penti yake inali itasupuka m'makona, chivindikiro chikulira pochitsegula. Loweruka masana bambo ake ankamupatsa Jesinta kansalu ka mafuta kuti apukute matapuwo, imodziimodzi, nkuwagoneka m'malo mwake kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Akamaliza ankamugulira chiwaya cha mbatata pa msewu. Jesinta sankadziwa kuti masiku amenewo ndi okoma. Ankangoona ngati moyo umakhala choncho basi.

Kenako mu 2023 phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala. Banja lonse linapulumuka, ndipo pa chimenecho ankathokoza Mulungu tsiku lililonse, chifukwa anansi awo ambiri sanapulumuke. Koma shedi inapita yonse. Vayisi yopanira zitsulo, galayinda, bokosi lofiira, palibe chinapezeka. Khoma la nyumba linagwera a Venansio pa dzanja lamanja, ndipo litapola, zala ziwiri zinakana kupinda.

Anasamukira ku Chilomoni, kuseri kwa nyumba ya a Thom, mlongo wawo wa amayi a Jesinta. A Thom anali munthu wabwino mtima koma wosachedwa kutopa. Anawapezera alamu awo ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu m'tauni. A Venansio sanakane, sanavomere. Ankangoti, "Ndiganize kaye, alamu." Nthawi zambiri ankakhala pakhonde, dzanja lili m'thumba. Kuimba kuja anasiya.

Jesinta anali atalemba mayeso a Fomu 4, akudikira zotsatira. Ankawaona bambo ake pakhondepo ndipo zinkamupweteka kwambiri.

2. Chitsulo cha chigayo

Tsiku lina m'mawa pa geti panafika mayi Bernadeta, mwini chigayo cha kumtunda kwa msika. Analinso ochokera ku Nsanje, ndipo kale ankayenda ulendo wonse wa ku Manje kukakonzetsa zitsulo kwa a Venansio. Kumbuyo kwawo wantchito wa kuchigayo ankakankha wilibala momwe munali chitsulo cholemera, chakuda ndi mafuta osakanikira ndi gaga.

"Achimwene, chigayo changa chaima," anatero mayi Bernadeta atakhala pa mpando. "Mabawuti awiri sakugwira, mazinga adyeka. Ndinapita nacho kwa anyamata owotcherera aja, akuti angomata ndi moto. Ndakana ine. Chitsulo ichi chinabwera ndi chigayocho kalekale, china ngati ichi simungachipeze m'tauni muno. Ndati ayi, amene ankachidziwa ndi a Venansio."

A Venansio anayang'ana chitsulocho, kenako anayang'ana pansi. "Achemwali, mukudziwa za dzanjali."

"Dzanjalo ndaliona. Ine ndatsata mutu wanu. Azimayi a mbali yonse ija akusenza chimanga mpaka kutsidya, akunditukwana m'njira monse. Ndikonzereni, madzulo ano ndibwera kudzatenga."

A Venansio anagwada pafupi ndi wilibala ija. Analowetsa chala cha dzanja lamanzere m'mabowo, akupukusa mutu ngati dokotala amene wapeza matenda omwe amawadziwa bwino. Anati mabowowo ayenera kukuzidwa pang'ono ndi dirilo yoboolera, kenako kudula mazinga atsopano a bawuti yokulirapo. Vayisi ndi dirilo akabwereka kwa mnzawo wa pa msika. Koma tapu mmisiri sabwereka, anatero, ndipo mayi Bernadeta anasiya ndalama yogulira.

Alendo atapita, a Thom anatuluka m'nyumba akumanga lamba. "Alamu, bwana wa ntchito ya ulonda ija wandifunsanso dzulo. Akuti malo aja sangawasunge mpaka kalekale."

"Tadikirani lero lokha," anayankha a Venansio. "Ndikaikhoza ntchito iyi, ndiye kuti ndikadali mmisiri, ndipo ena amva abwera. Ndikailephera, mudzandipatse chibonga ndi tochi. Sindidzakuvutitsaninso."

Jesinta anali pa mpopi akutsuka mbale. Anamva zonse.

3. Malangizo a bambo

A Venansio sakanatha kupita okha ku Limbe. Ankafuna kuboola mabowo aja magetsi asanazime, chifukwa masiku amenewo ankazima mosalonjera. Choncho anamuitana Jesinta, namupatsa ndalama ija, bawuti yatsopano, ndi katupa kothyoka kopalira zitsulo kamene anakatola pa msika nkukanola kumapeto.

"Khala pansi, undimvere bwino," anatero. "Ukwere minibasi ya ku Limbe, ukafike ku sitolo ya a Hussain, kuja tinkapita uli wamng'ono nkumakupatsa switi. Ukagule tapu imodzi yokha, ya sayizi ya bawuti iyi. Imodzi. Ndalamayi ndi ya chinthu chimodzi chabwino.

"Ukafika usachite manyazi. Choyamba uigubuduze pa galasi la pa kauntala. Yowongoka imayenda yokha, mwakachetechete. Yokhota imatsimphina, ndipo uimva ikugogoda pa galasipo. Kenako uigundanitse ndi bawutiyi, uyang'anitse kudzuwa. Mano ake alowane ndi mazinga, pakati pasaoneke kuwala. Ukatero utenge katupaka ukande kumchira kwake. Kakaterera, chitsulocho ndi chokhwima. Kakaluma, uisiye pomwepo, chimenecho ndi chitsulo chopangira mapoto.

"Koma chachikulu ndi ichi, mwana wanga. Uyese imene ukubwera nayo kunoyo. Osati inzake, osati imene wakusankhira wogulitsa. Agogo ako ankaima pa kauntala mpaka mwini sitolo kuyamba kuyasamula. Anthu ankawanena kuti ndi ovuta, koma palibe tsiku limene tapu inawathyokera m'chitsulo cha mwini. Ukudziwa chifukwa chake timaopa zimenezo? Tapu ndi yolimba kuposa dirilo. Ikathyokera m'bowo sungaiboole, sungaikoke ndi pulayala. Imangokhala momwemo, ndipo amene angaichotse bwinobwino ndi a makina akuluakulu, amene mtengo wawo mayi Bernadeta sangaufike.

"Masiku ano zida zotchipa zadzaza paliponse. Sindikunyoza ayi, zina ndi zabwino ndithu, ine ndagwiritsapo ntchito. Koma m'bokosi limodzi mumatha kugona yabwino ndi yoipa, zonse zopakidwa utoto wofanana. Wogulitsa amaidziwa yabwinoyo, ndipo ndi imene amayamba kukuonetsa. Sikuti onse ndi akuba, ena nawo anangopikula osadziwa. Koma chitsulo chikathyoka wogulitsa amakhala ali kwawo akudya, amene umaima pamaso pa mwini katundu ndiwe. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Bwereza."

Jesinta anabwereza zonse osaphonya, monga ankachitira ndi mafunso a katekisimu. A Venansio anamwetulira koyamba pa nthawi yaitali. "Mutu wa agogo ako uwu," anatero. "Thamanga."

4. Pa chiguduli cha Ramsey

Jesinta atafika m'tauni anapeza minibasi ya ku Limbe yodzera ku Ndirande. Pa msika wa Ndirande inaima, monga zimachitira, kondakitala nkutsika kukasaka anthu ngati kuti amene anali m'katiwo alibe kopita. Kunkatentha. Jesinta anasuzumira pa windo kuti apume mpweya.

Ndi pamene analiona. M'mbali mwa msewu, pa chiguduli choyala pansi, pakati pa maloko, masipanala ndi mawaya, panali bokosi lofiira lotsegula. M'kati mwake munagona matapu, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, iliyonse pamalo pake.

Sanaganize kawiri. Anapempha njira, nkutsika.

Mwini chigudulicho anali mnyamata wovala kapusi chakumbuyo, dzina lake Ramsey. Dzinalo Jesinta analimva kwa anzake ogulitsa amene ankamuitana pafupipafupi. Ramsey anali ndi pakamwa potsekemera, ndipo maso a wogula ankawawerenga asanalankhule.

"Sisteri, mwaliona eti? Maso anu ndi odziwa katundu. Seti yathunthu iyi, ya ku Joni, orijino. Yatsala yomweyi."

"Ndikufuna imodzi yokha," anatero Jesinta, akutulutsa bawuti ija. "Ya sayizi iyi."

"Imodzi? Ndikachotsa imodzi bokosi lonse lafa, sisteri. Koma tamverani. Ndalama imene akutchajeni m'masitolo a ku Limbe pa imodzi yomweyo, kuno mutenga bokosi lonse, ndi chogwirira chake chomwe. Dilu ngati imeneyi simuipezanso."

Jesinta anagwada. Matapuwo ankawala ngati golide. Fungo la mafuta ake linamufika, ndipo linali lomwe lija la Loweruka masana ku Manje.

"Muli ndi galasi?" anafunsa.

"Galasi?"

"Loti ndigubuduzirepo."

Ramsey anatembenukira kwa anzake. "Aise, tamvani izi! Sisteri akufuna galasi. Pano ndi pa msika, mayi, si mu saluni. Kudzola mukadzolere kunyumba."

Anyamata onse anaseka. Ena anasiya katundu wawo nkubwera kudzaonerera. Nkhope ya Jesinta inatentha ndi manyazi. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe chilichonse chosalala, chiguduli chokhachokha ndi fumbi. Komabe analimba mtima nkutulutsa katupa kaja.

"Eee, kwabwera injiniya!" anakuwa wina. "Ramsey, lero wakumana nazo!"

Ramsey sanatekeseke. Mwachangu anatola tapu yaikulu kuposa zonse, imene inali yosakulunga, nkumupatsa. "Yesani, sisteri. Ine katundu wanga sindimuopa. Kandani mmene mungathere."

Jesinta anakanda kumchira kwake. Katupa kanaterera, kakulira kuti tswii, osasiya ngakhale kachipsera.

"Mwaona? Chitsulo cha njanji chimenecho," anatero Ramsey. Anyamata aja anawomba m'manja, ndipo mmodzi anati mtsikanayu ndi dolo, amadziwa zinthu. Jesinta anamva kukoma. Mphindi yapitayo ankamuseka, tsopano ankamutama.

Anatambasula dzanja kuti atenge tapu ya sayizi ya bawuti yake. Imeneyo, monga zinzake zonse, inali yokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki.

"Aaa, imeneyo ayi," anatero Ramsey, akutchinga ndi dzanja. "Mukamasula pepala ndiye mwagula. Zonsezi zinachokera fakitale imodzi, bokosi limodzi. Mwayesa bambo wake, ana akhala osiyana bwanji? Komanso pali mdala wina wa ku Machinjiri wati abwera masana ano kudzalitenga. Ine ndangokukondani chifukwa ndinu mtsikana wolimbikira."

Mawu a bambo ake Jesinta ankawakumbukira bwinobwino. Sanaiwale ngakhale limodzi. Kwa a Hussain sikunali kutali, minibasi ina inali itaima kale potero ikuitanira.

Koma tisamunamizire Jesinta kuti anali wopusa kapena wadyera. Chimene chinamugwira ndi chisoni. M'maganizo mwake anaona bambo ake pakhonde, dzanja m'thumba. Anaganiza zowapatsa katapu kamodzi kokulunga m'nyuzipepala, kenako anaganiza zowapatsa bokosi lofiira, ngati lija linapita ndi matope. Ankafuna kuwabwezera Manje yense m'manja mwawo tsiku limodzi. Chifundo chotere chimapusitsa ngakhale akuluakulu.

Anapereka ndalama ija. Ramsey anatseka bokosilo mwachangu, nalikulunga m'jumbo yakuda.

5. Funso lalifupi

Atafika ku Chilomoni anapeza bambo ake atamaliza kuboola. Anali atamanga vayisi yobwereka ija pa thabwa lolimba pansi pa mtengo wa mapeyala, chitsulo cha chigayo chili chogwidwa bwino. Anali atavala ovololo yakale ya a Thom, imene inawalekeza m'akakolo.

"Wachedwatu. A Hussain ali bwanji?"

Jesinta anavundukula jumbo ija nkuika bokosilo pa thabwa.

A Venansio anaima chilili. Anapukuta dzanja lamanzere pa ovololo, nalipukutanso, kenako anatsegula chivindikiro pang'onopang'ono. Anayendetsa chala pamwamba pa matapu onse.

"Ngati la agogo ako," anatero ndi mawu otsika. "Lija linali ndi kachigamba apa, pamene ndinaligwetsa ndili mnyamata. Anandithamangitsa mpaka ku dambo tsiku limenelo." Anaseka, koma misozi inali ikutsika. Jesinta anali asanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene anabwerera ku Manje nkupeza pamalo pa shedi pali mwala waukulu.

Kenako anadzigwira. "Koma ndinakutuma kwa a Hussain."

"Ndalipeza ku Ndirande, ababa. Mtengo wake ndi womwe uja."

"Bokosi lonseli?" Nkhope yawo inasintha pang'ono. Anatola tapu ya sayizi ya bawuti ija namasula kapepala kake. "Wayesa?"

"Ndayesa."

"Katupa kanaterera?"

"Kanaterera, ababa."

Palibe liwu labodza limene Jesinta ananena. Anayesadi, ndipo katupa kanatereradi. Koma iye ankadziwa chimene bambo ake ankafunsa, ndipo ankadziwa kuti wayankha china. Bodza lotere ndi loipa kwambiri, chifukwa mwini wake amatha kudzinamiza kuti sananame.

Katupa kanali m'thumba la siketi yake. Windo la nyumba ya a Thom linali ndi galasi. Akanangoti, "Ababa, tiyeseninso," zonse zikanathera pomwepo. Koma bambo ake anali akumwetulira, ndipo Jesinta sanafune kukhala amene azimitse chimwemwe chimenecho.

"Basi," anatero a Venansio. "Mdzukulu wa a Gregorio akati wayesa, ine ndibwerezenso chiyani? Tenga mafuta, uzindidonthezera."

6. Bowo lachiwiri

A Venansio anamanga tapu m'chogwirira chake, naiimika pa bowo loyamba. Anagwira mbali imodzi ndi dzanja lamanzere, mbali inayo ndi chikhatho cha dzanja lovulala lija. Anazungulitsa pang'ono kupita kutsogolo, nabwerera pang'ono kuti zinyenyeswa za chitsulo zithothoke. Kutsogolo, kumbuyo. Jesinta ankadontheza mafuta.

Posakhalitsa anayamba kuimba. Mawu anali omwe aja, okhuthala ndi osalongosoka. Amayi a Jesinta, amene anali atangobwera kumene kuchokera kogulitsa tomato, anatuluka m'nyumba ndi mpeni m'manja, naima pakhomo. A Thom nawo anakoka mpando pakhonde. Ana a nyumba zoyandikana anasuzumira pa mpanda.

Jesinta yekha ndi amene sankamva nyimboyo. Iye anali atagwada, maso ake ali pafupi ndi chitsulo, ndipo ankaona chimene bambo ake sakanatha kuona ali kumwamba. Tapu ikamazungulira, mutu wake unkagwedera, kupita uku nkubwerera uku. Zinali zochepa kwambiri. Koma Jesinta anali ataonerera matapu a agogo ake akuzungulira zaka zonse za ubwana wake, ndipo aja sankagwedera.

"Ikulimba," anatero a Venansio, akupuma. "Dzanjali likundipendeketsa. Taona ngati ndaima mowongoka."

"Mwaima bwino, ababa."

"Ayi, ndikumva ikukoka mbali imodzi. Ndine ndikulephera kuigwira."

Jesinta anatsegula pakamwa. Anaona amayi ake pakhomo, anaona a Thom pakhonde, anaona ana aja pa mpanda. Anatseka pakamwa nadontheza mafuta.

Bowo loyamba linatha. A Venansio anamangamo bawuti, ndipo inalowa, ngakhale inali yolobodoka pang'ono. "Igwira," anatero. A Thom anawomba m'manja. "Alamu, kani mukadalipo!" Mtima wa Jesinta unatsika pang'ono. Mwina Ramsey ananena zoona. Mwina zitha bwino, ndipo palibe adzadziwe.

Anayamba bowo lachiwiri. Kutsogolo, kumbuyo. Thukuta linkatsika m'masaya mwa a Venansio. Tapu inalowa mpaka pakati, kenako inakakamira. Anabwerera pang'ono, nayesanso. Kuimba kuja anali atasiya.

Thyo!

Phokosolo silinali lalikulu. Linali ngati la munthu wothyola kamtengo kouma. Chogwirira chinatsala m'manja mwa a Venansio, ndipo kachidutswa ka tapu kanagwera pansi pafupi ndi bondo la Jesinta. Mbali yotsalayo inali m'bowo, yothyokera m'kati, popanda pogwira.

Ana aja anatsika pa mpanda mmodzimmodzi.

Jesinta anatola kachidutswa kaja. Pothyokapo sipanali posalala ngati chitsulo chabwino. Panali pa mchengamchenga, ndipo mbali imodzi inali yakuda, kusonyeza kuti tapuyo inali ndi mng'alu isanachoke nkomwe m'bokosi. Anakafumbata msanga.

Anadikira kuti bambo ake akalipe. Akanakonda kuti akalipe, amutchule mayina onse, ngakhale kumuthamangitsa. Koma a Venansio sanamuyang'ane nkomwe. Sanayang'ane bokosi. Anaika chogwirira pansi mosamala, nakhala pa njerwa, natambasula dzanja lamanja patsogolo pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi," anatero, "tapu sinandithyokerepo. Bambo anga anandiphunzitsa kuimva m'zala, ikamafuna kukana ndinkadziwa isanakane. Lero ndimaimva ikukoka, koma ndimalephera kuiwongola. Chida ndi chabwino, mwanayu wachiyesa. Ndine amene ndatha."

"Bambo a Jesinta, musatero," anatero amayi ake.

"Ayi, mayi, tisadzinamize. Ndawononga chitsulo cha mwini chifukwa cha makani. Munthu uja anandikhulupirira." Anatembenukira kukhonde. "Alamu, mukamuuze bwana uja kuti ndavomera. Ndiyamba tsiku limene anene."

A Thom, amene kwa miyezi yambiri ankafuna kumva mawu amenewa, anangowerama.

"Odi kuno!" Anali mawu a mayi Bernadeta kuseri kwa geti, ansangala, a munthu amene wabwera kudzatenga katundu wake. "Achimwene, ndauza kale azimayi kuti mawa tikugaya!"

A Venansio anaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Anavula ovololo ija naipinda. Podutsa anaika dzanja lamanzere pamutu pa Jesinta.

"Iwe usadandaule, mwana wanga. Mbali yako waigwira bwino. Bokosilo ulisunge, lidzathandiza wina wa manja abwino."

Kachidutswa kaja kankamubaya Jesinta m'chikhatho, koma sanamasule. Akanena, amayi ake amva, amalume ake amva, mayi Bernadeta amva, ndipo bambo ake adziwa kuti mwana amene anamukhulupirira osayesanso anawayang'ana m'maso nkuwanamiza. Akakhala chete, bambo ake sadzagwiranso chitsulo moyo wawo wonse.

"Odi! Kodi muliko?"

A Venansio anali atagwira kale chitseko cha geti pamene Jesinta anaimirira nkufumbatula chikhatho chija.